Amayi akudwala ine ndili kunja, ndimupepuze bwanji mng'ono wanga?

Abale, ndithandizeni maganizo. Ndakhala ndikugwira ntchito kunja kwa zaka 6, ndipo ana anga awiri ndinawasiya m'manja mwa amayi. Chaka chatha amayi anachita sitiroko. Dzanja lamanja siligwiranso, moti ngakhale kapu ya madzi imawapulumuka. Amene akuwasambitsa, kuwatembenuza usiku komanso kulera ana anga ndi mng'ono wanga, yemwe anasiya ntchito chifukwa cha zimenezi.

Ine ndimangotumiza ndalama mwezi ndi mwezi, koma achibale amatama ine, iye ayi. Dzulo pa foni anangoti, "Achemwali, ndalama sizichapa zofunda," n'kudula. Zinandipweteka, koma sananame. Chinanso chondichititsa manyazi, ana anga amavala nsapato zatsopano pomwe ake akuyendera zong'ambika, m'nyumba imodzi yomweyo.

Kubwerera n'kovuta. Chilolezo changa chokhalira kuno chimadalira ntchitoyi, ndipo ndikaisiya ndiye kuti mankhwala a amayi ndi fizi zaima.

Inu amene munadutsamo, munkatani? Ndizimupatsa malipiro akeake pamwezi, kapena aona ngati ndamusandutsa wantchito? Nanga mwana wanga wamkulu wazaka 13, amene wayamba kujomba kusukulu kuti azidikirira agogo ake, ndimuthandize bwanji ndili kutali chonchi?