Beetle ya 1972 ikuzima ikatentha: vuto ndi petulo kapena moto?

Mwini-Beetle72

Moni amisiri nonse. Ndili ndi Volkswagen Beetle ya 1972, injini ya 1600, kabuleta ya Solex 34 PICT-3, pampu ya petulo yoyendetsedwa ndi injini. Galimotoyi inakhala nthawi yaitali osayenda. M'mawa ikulira kamodzin'kamodzi, koma ikayenda mphindi 15 kapena 20, makamaka pokwera mtunda, imayamba kutsamwa, mphamvu n'kutha, kenako n'kuzima. Ndikaisiya theka la ola imaliranso ngati palibe chachitika. Mapulagi ndi atsopano, batire lili bwino. Ena akuti ndigule kabuleta ina, ena akuti ndi koilo. Ndiyambire pati?

Sipanala13

Musagule kanthu kaye, achimwene. Vuto lotereli limagwidwa pa nthawi imene galimoto yazima. Ikazizira simupeza chilichonse cholakwika. Ndiye tengani sikuludiraiva ndi pulayala ya zogwirira za pulasitiki, muiyendetse mpaka izime, ndipo muyeze zinthu ziwiri pomwepo.

Yambani ndi petulo. Chotsani air cleaner, musuzumire kukhosi kwa kabuleta, kenako kokani kamkono ka akiseleta ndi dzanja. Payenera kutuluka kamzere ka petulo kolunjika bwino kuchokera pa kapaipi kakang'ono ka mkuwa. Kakatuluka, m'kabuleta muli petulo. Kakapanda kutuluka, kapena kakangolavula kamodzi n'kusiya, petulo sakufika. Mukaona petulo akudonthera yekha m'khosimo injini ili chozima, nkhani ndi ina: kabuleta ikusefukira.

Kenako moto wa kumapulagi. Zulani waya wapakati pa chivindikiro cha distribyuta, muugwire ndi pulayala ija pafupifupi mamilimita 6 kuchokera pa chitsulo cha injini, kutali ndi kabuleta, wina apotokole kiyi. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuthetheka. Ukakhala wofiirira, wofooka, kapena wodukizadukiza, ganizirani kondensa poyamba, kachitini kakang'ono ka pa distribyuta. Kondensa yotopa imagwira ntchito ikazizira n'kufa ikatentha, ndipo imaotcha mapointi (tizitsulo ta m'distribyuta totsegula ndi kutseka magetsi a koilo) mpaka nkhope zake kuchita maenje. Mpata wa mapointi ndi 0.4 mm. Koilo nayo imatha kuchita zomwezo, koma simafa kawirikawiri monga anthu amainamizira. Kutentha kokha si umboni, koilo iliyonse imafunda ikamagwira ntchito.

Palinso kanthu kamodzi ka masekondi khumi. Pambali pa 34 PICT-3 pali solenoid yotseka petulo wa idling, ndipo waya wake umachokera polumikizira pa koilo polembedwa nambala 15, komwenso kumachokera wa choke. Yatsani kiyi, zulani wayawo n'kuugunditsanso. Muyenera kumva kuti "tiki". Ikakhala chete, galimoto imazima nthawi iliyonse mwachotsa phazi pa akiseleta. Kiyi musamusiye choyatsa nthawi yaitali injini isakulira, mungaotche koilo ndi mapointi.

AmisiriAkale

Zoyezazo n'zoona, koma ine diso langa lili pa mawu awiri a wofunsa: galimoto inakhalitsa, ndipo ikuzima pokwera mtunda. Kondensa siidziwa mtunda. Chimene chimasintha pamtunda ndi kuchuluka kwa petulo amene injini ikufuna. Ngati njira ya petulo yatsekeka pang'ono, wodutsayo amakwanira pa idling ndi pamalo athyathyathya, koma mukaponda kwambiri kabuleta imamwa kuposa amene akulowa mpaka kuuma.

Thanki ikakhala nthawi yaitali yosadzaza, mpweya wachinyezi umasiya madzi m'kati ndipo pansi pake pamachita dzimbiri. Petulo wakale nayenso amasanduka phula lomata. Potulukira petulo pansi pa thanki ya Beetle pali kasefa ka waya. Injini ikamalira, pampu imakokera tizidutswa ta dzimbiri pa kasefako mpaka kutsekeka. Ikazima, kukoka kumatha, tizidutswato n'kugweranso pansi. N'chifukwa chake theka la ola limaoneka ngati lachiza galimoto, pamene kwenikweni si kuzizira kumene kwathandiza.

China chofanana nacho ndi kapaipi kopumira ka thanki. Kakatsekeka, petulo akamachepa mpweya sulowa, ndipo pampu imalephera kukoka. Kuyeza kwake n'kosavuta: ikangozima tsegulani chivindikiro cha thanki. Mukamva mpweya ukulowa kuti "fyuu" ndipo galimoto n'kulira msanga, mwapeza.

Nambala3

Ndiwonjezere za kutentha, chifukwa injini iyi ilibe madzi, imadalira mphepo ya fani basi. Onani ngati malata onse ozungulira injini alipo, komanso labala yotseka mpata pakati pa malatawo ndi thupi la galimoto. Labala imeneyi ikang'ambika, fani imakoka mpweya wotentha wa ku ekizozi n'kumaubwezera pa injini. Paipi yachitsulo ya petulo imalowera mbali ya kumanzere, pafupi ndi silinda nambala 3. Ikakhudza chitsulo chotentha, petulo amawira m'paipimo, ndipo pampu yopangidwira kukankha madzimadzi singakankhe nthunzi. Lamba wa fani azibonyoka pafupifupi 1 cm mukamudina ndi chala pakati.

Ndipo chonde kabuleta muikhudze pomaliza. Dongosolo lake ndi mavalavu, mapointi, taimingi, kenako kabuleta, chifukwa chilichonse chimasintha chotsatira chake. Mavalavu amayezedwa injini itaziziratu, yogona usiku wonse, ndipo mpata ndi 0.15 mm onse asanu ndi atatu. Ikani silinda 1 pamwamba pa compression, rotor italoza kachizindikiro ka pamlomo wa distribyuta, muyeze awiri akewo. Kenako zungulizani pulley mobwerera kumanzere theka la mzungulo pa silinda 2, chimodzimodzi pa 3, pomaliza 4. Feeler gauge izidutsa mokokera pang'ono. Valavu yothina siitsekeka bwino, imataya compression ndipo imapsa. Mukapeza valavu ya ekizozi imodzimodziyo ikuthina nthawi zonse mukayeza, ikutanuka, ndipo ikhoza kuduka mutu n'kuswa pisitoni. Imeneyo si yoti muzingoimasula chabe, mutu wa injini uyenera kutsika.

Mwini-Beetle72

Zikomo akuluakulu. Ndayeza itangozima. Moto ndi wabuluu, solenoid ikulira, koma m'khosi mwa kabuleta simukutuluka petulo. Chivindikiro cha thanki sichinapume. Sefa ya pulasitiki imene ili pakati pa pampu ndi kabuleta ili ndi fumbi lofiirira pansi pake.

AmisiriAkale

Fumbi limenelo ndi thanki yanu, achimwene. Koilo isiyeni.

Musanatsitse thanki, tsimikizani kuti pampu ndi yamoyo. Zulani waya wa pa nambala 15 ya koilo kuti pasakhale moto, muukulunge bwino kuti usakhudze chitsulo, chotsani paipi ya pakabuleta muilozetse m'botolo, wina apotokole kiyi masekondi ochepa. Petulo azituluka molavula mwamphamvu, osati modontha. Kenako zulani paipi yolowera m'pampu. Thanki ikakhala yodzaza bwino, petulo amafika yekha pamenepo. Akamabwera mwaulesi, chotseka chili kutsogolo, mbali ya kuthanki. Nunkhizaninso dipstick. Oilo akamanunkha petulo kapena akakwera kupitirira mzere, chikopa cha m'pampu chabooka ndipo petulo akutsikira mu injini. Sinthani pampu ndi oilo yemwe, malita 2.5, musanayendenso, chifukwa oilo wosungunuka chonchi amadya mabering'i.

Ntchito ya thanki muichitire panja, batire litachotsedwa. Khuthulani petulo yense, masulani mabawuti anayi ogwira thanki, waya wa geji ndi mapaipi, n'kuitulutsa. Chotsani geji ndi kasefa kaja. Ponyanimo manati odzaza dzanja, muwawerenge kuti atuluke onse, thiranimo madzi a sopo, muikhutchumule mbali zonse mpaka madzi azituluka oyera. Iumitseni kotheratu tsiku lomwelo, apo ayi dzimbiri limayambiranso. Ngati pansi pake pali timabowo, pezani ina. Thanki imene munakhalapo petulo siiwotcheredwa pakhomo, nthunzi yotsalira imaphulika. Paipi yachitsulo yodutsa pakati pa galimoto muipemerere ndi mpweya wa kompulesa, mbali zonse ziwiri zitamasulidwa, mpaka kusiya kutulutsa zinyalala.

Mapaipi onse a labala asinthidwe, ngakhale akuoneka bwino. Aja okutidwa ndi ulusi amabisa ming'alu, ndipo petulo wosakaniza ndi ethanol amaumitsa labala yakale. Gulani olembedwa kuti amapirira ethanol, a 5.5 mm m'kati, ndipo paliponse polumikiza pakhale kilampu. A 6 mm amalowa mosavuta koma amakhwepa.

Sipanala13

Sefa ija muichotse pamene ilipo. Pakati pa pampu ndi kabuleta ndi malo oipa: ili ndi petulo wokankhidwa, ikulendewera pamwamba pa distribyuta, ndipo kulemera kwake kumagwedeza kapaipi ka mkuwa kolowera m'kabuleta. Kapaipi kameneka anangokakhomera, sikomanga ndi mazinga, ndipo kakazuka pampu imapopera petulo pa injini yotentha. Ma Beetle ambiri apsa mwa njira imeneyi. Kagwedezeni ndi zala. Kakasuntha, kakonzedwe musanalize. Sefa yatsopano muike pansi pa thanki kapena pafupi ndi giyabokosi, paipi isanalowe m'chipinda cha injini. Onaninso kalabala ka pabowo pamene paipi yachitsulo imaboola lata. Kakasowa, latalo limacheka paipi pang'onopang'ono.

Mukagula pampu ina, samalani ndi kandodo koikankha. Kalipo ka 108 mm, ka pampu za injini ya jenereta, ndi ka 100 mm, ka pampu zopendekeka za alternator. Mukasokoneza, pampu siipopa kapena imawonongeka. Mphamvu yake ikhale pafupifupi 3 psi. Ikapitirira, imagonjetsa singano ya float yotseka petulo m'kabuleta mukadzaza, kabuleta n'kumasefukira; mumaitsitsa poonjezera gasiketi pansi pa pampu.

Fumbi lina lafika kale m'kabuleta, choncho tsegulani chivindikiro chake, tsukani m'mbale ya float, mutulutse main jet ndi pilot jet. Majeti amapemereredwa ndi mpweya, osawatokosa ndi waya, chifukwa bowo likakula pang'ono chabe galimoto imayamba kumwa petulo mosayenera. Pobwezera, injini itatentha ndipo choke itatseguka yonse, lowetsani screw yaing'ono ya kumanzere mofatsa mpaka igunde, n'kuibweza maulendo awiri ndi theka. Screw yaikulu ndiyo ya liwiro la idling, muikhazike pa 850 rpm. Bwererani ku yaing'ono, muitulutse pang'onopang'ono mpaka injini ithamange kwambiri, muilowetse pang'ono kuti liwiro litsike ndi 20 kapena 30 rpm, kenako mukonzenso 850 ndi yaikulu ija. Screw ya pakamkono ka akiseleta si ya idling pa kabuleta imeneyi, musaigwiritse ntchito pokweza liwiro.