Gulu la banja: bokosi la agogo aamuna

Lachinayi madzulo

Mayamiko: Mwaswera bwanji nonse. Lero timasuntha katundu m'chipinda cha agogo aamuna chifukwa denga likudontha mbali imeneyo, ndiye kunsi kwa bedi tapeza bokosi lachitsulo lija ankatikaniza kulikhudza. Ndatsegula amayi ali pomwepo. Zithunzi ndi izo.

Mayamiko: Muli mamendulo atatu, awiri ooneka ngati nyenyezi, imodzi yozungulira. Mulinso kabuku ka chikuto cholimba, chithunzi cha asilikali asanu, lamba, kalata yopindapinda, ndi zipolopolo ziwiri zokulungidwa m'kansanza.

Malume Yosefe: Ee! Bokosi limenelo ndinaliona lotsegula komaliza ndili mnyamata. Wachita bwino kutiuza tonse, Maya. Pasachoke kanthu m'menemo mpaka tigwirizane.

Limbani: Koma mamendulowo ada kwabasi. Loweruka ndibwera ndi polishi wa zitsulo ndiwapukute, malume adzavale akuwala pa 11 Novembala, tsiku lokumbukira asilikali omwe anafera ku nkhondo.

Chikondi: Achimwene, chonde musawapukute. Polishi amadya chitsulo pang'onopang'ono, zilembo zimafafanizika, ndipo akagwera pa tinsalu tapachikidwa mamendulowo banga lake silichoka. Ngati pali fumbi, kansalu kofewa kouma ndi kokwanira. Tinsalu tomweto musatichape ngakhale tasuluka.

Chikondi: Koma choyamba ndi zipolopolozo. Maya, zichotse m'manja mwa ana, usaziike pafupi ndi moto, usazigogode. Chipolopolo sichifa ndi ukalamba. Tizijambule chithunzi basi, kenako tiuze apolisi adzatenge.

Amayi aang'ono Rozi: Zimenezo zituluke m'nyumba mawa lomwe. Zidzukulu zimagona chipinda chomwecho.

Malume Yosefe: Ndi zoona. Ndipita ndekha kupolisi m'mawa.

Tadala: Asuweni a Chikondi, inu mumazitsata izi. Mamendulowa akutanthauza chiyani? Ine ndimangodziwa kuti agogo anali a Keyala.

Chikondi: Ndayang'anitsitsa zithunzizi. Nyenyezi ya kansalu ka mizere itatu yofanana, buluu wakuda, wofiira ndi buluu wowala, ndi 1939–1945 Star. Yozungulira ya mutu wa Mfumu George VI ndi War Medal. Zimenezi analandira asilikali ambirimbiri. Imene ikutiuza kumene agogo anafika ndi nyenyezi inayo, ya mzere waukulu wofiira pakati, buluu m'mbali ndi timizere ta olenji. Imeneyo ndi Burma Star, ya omwe anamenya nkhondo ku Burma, dziko limene lero likutchedwa Myanmar, pakati pa Disembala 1941 ndi Seputembala 1945.

Chikondi: Asilikali ambiri a King's African Rifles, Keyala imene ukunenayo, omwe anapita kumeneko anali m'gulu lalikulu la 11th East African Division. Anakwera sitima za pamadzi ku Mombasa mu 1943, nakachita maphunziro a nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon, dziko limene lero likutchedwa Sri Lanka. Mu Ogasiti 1944 anawalowetsa m'chigwa cha Kabaw mvula ili pachimake, nthawi imene magulu ankhondo nthawi zambiri ankaima kaye. Iwo anapitirira kukankha Ajapani m'matope, chakudya chikuponyedwa ndi ndege, mpaka anafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala. Malungo ndi matenda ena anagwetsa anthu ambiri zedi m'chigwa chimenecho.

Amayi: Ndiye chifukwa chake. Bambo ankati ankawamwetsa mapiritsi achikasu owawa tsiku ndi tsiku, wamkulu wawo ataima pomwepo kuti aone kuti wameza. Ankanenanso za misundu yolowa m'jombo.

Chikondi: Mapiritsiwo anali mepacrine, oteteza malungo. Amayi, nkhani ngati imeneyi ndi imene tikufuna. Simunatiuzepo.

Amayi: Unandifunsa liti, mwanawe?

Lachisanu

Limbani: Abale, ndinene poyera kuti pasakhale zobisa. Usiku ndinaika chithunzi cha mamendulo pa tsamba lina la osonkhanitsa zinthu za nkhondo kuti andiuze zambiri. Munthu wina wandilembera kale. Akufuna kugula zonse pamodzi, mamendulo, kabuku ndi chithunzi. Sindinayankhe.

Malume Yosefe: Usayankhe. Bambo anga sagulitsidwa.

Amayi aang'ono Rozi: Achimwene, musafulumire kukalipa mwanayo. Ine ndinene maganizo anga. Nyumba yomweyo ikudontha. Azakhali a Elube akufunika mankhwala mwezi ndi mwezi, ndipo tikamasonkha pano amayankha ndi anthu omwewomwewo. Zitsulo zakhala pansi pa bedi zaka zonsezi osathandiza munthu. Bambo akanakhalapo, mukuganiza akanasankha mendulo kapena mlongo wawo?

Tadala: Azakhali a Rozi akunena nkhani yeniyeni. Tisaizembe.

Chikondi: Mayi aang'ono, ndakumvani, ndipo za mankhwala a agogo ndisonkha nawo mwezi uno. Koma ndikufotokozereni chifukwa chake munthuyo akufuna zonse pamodzi. Mamendulo a nkhondo yoyamba ankadindidwa dzina ndi nambala ya msilikali. A nkhondo yachiwiri, ambiri a asilikali a Britain ndi maiko amene inkalamulira anaperekedwa opanda dzina. Maya, tatembenuza nyenyezizo.

Mayamiko: Kumbuyo kulibe kalikonse. Kosalala.

Chikondi: Ndiye mwaona. Anapangidwa ochuluka kwambiri, moti mendulo payokha ndalama yake si yoti nkukonzera denga. Chimene chimanena kuti nyenyezi iyi ndi ya agogo athu ndi kabuku kaja, chifukwa muli dzina, nambala yausilikali, gulu lawo, chaka cholowa ndi chotuluka. Wogulayo akudziwa zimenezi. Sindikuti ndi wakuba, osonkhanitsa ena amasamala zinthu kuposa ife. Koma zikangochoka m'banja zidzagulitsidwanso kwina, mwina mosiyanitsa, ndipo palibe mdzukulu wathu amene adzathe kuzilondola.

Malume Yosefe: Rozi, mlongo wanga, nkhani ya denga ndi mankhwala tiikambe payokha Lamulungu, ndipo ine ndiyamba kupereka. Sindikukana kuti wasenza katundu wolemera. Koma bambo anakhalapo pa usiwa woposa uwu, sukulu fizi yathu ikusowa, osatulutsa bokosi limenelo. Anasankha kale.

Amayi aang'ono Rozi: Ngati Lamulungu tikambadi, chabwino. Ndasiya. Koma mundilembe kuti ndinanena.

Limbani: Ndamuyankha kuti sitigulitsa, ndipo chithunzi ndachichotsa pa tsambalo.

Mayamiko: Nanga kabukuka ndi kalatayi ndipite nazo akazimate pulasitiki? Kalata yang'ambika mopindika, ndimati ndiike selotepu.

Chikondi: Ayi ndithu, zonse ziwiri. Makina omatira pulasitiki amatentha pepala ndi guluu, ndipo sizimatukanso. Selotepu imasanduka yachikasu nkusiya banga lolowa m'pepala. Uchite izi: samba m'manja, uume bwino, futukula kalatayo kamodzi pa tebulo louma, ujambule mbali zonse masana popanda fulashi. Isapindidwenso. Uiike chogona pakati pa mapepala oyera. Ngati pali mapini a dzimbiri kapena mphira womangira, chotsa mosamala. Kabuku ujambule tsamba lililonse, ngakhale looneka lopanda kanthu, chifukwa zidindo zina zimaoneka ukakulitsa chithunzi.

Chikondi: Zithunzizo potumiza pano uzitumize ngati document. WhatsApp imachepetsa zithunzi wamba, tizilembo timasokonekera. Ndipo mapepala asabwererenso m'bokosi lachitsulo. Lachita dzimbiri, limasunga chinyezi. Akhale pamalo ouma, pamwamba, kutali ndi dzuwa ndi khoma la chiswe. Mamendulo akhale paokha, lamba payekha.

Tadala: Pa chithunzi cha asilikali asanu, agogo ndi ati? Ine ndikuona ngati wachiwiri kuchokera kumanzere.

Amayi: Ayi, ndi wapakati wokhala pansiyo. Taona makutu.

Malume Yosefe: Esnart, wapakatiyo si bambo. Bambo anali wamtali.

Tadala: Ndiye mwaona vuto. Ana awo enieni sakugwirizana. Nanga ife tidzawauza chiyani ana athu?

Amayi: Azakhali a Elube ndi amene angadziwe. Anali ndi zaka 12 pamene bambo ankabwera mu 1946. Anawaona ndi yunifolomu.

Chikondi: Apa ndiye pamene mtima wanga uli, abale. Mamendulo adikira zaka 80, angathe kudikiranso mwezi wina. Agogo a Elube ali ndi zaka zoposa 90, ndipo ndi munthu yekhayo wamoyo amene anaona mchimwene wawo akupita ndi kubwera. Tikayamba ndi mafelemu ndi magalasi oikamo mamendulo, tidzatsala ndi zinthu zokongola zopanda wotiuza nkhani yake. Tiwajambule mawu sabata ino. Kenako amayi, malume, ndi mayi aang'ono.

Malume Yosefe: Muwafunse za mnzawo wa bambo amene anamira. Bambo ankati mnzawo wina anakwera sitima ina pambuyo pawo, osafika ku Ceylon. Dzina landithawa, koma azakhali ankamudziwa.

Chikondi: Malume, pa 12 Febuluwale 1944 sitima yotchedwa Khedive Ismail, yochokera ku Mombasa kupita ku Colombo ku Ceylon, inaphulitsidwa ndi sitima ya pansi pa madzi ya Ajapani pafupi ndi zilumba za Maldives. Inamira m'mphindi zochepa, anthu pafupifupi 1,300 anafa, ambiri mwa iwo asilikali a mizinga a ku East Africa. Agogo akatipatsa dzina, ndikalifufuza pa intaneti ku Commonwealth War Graves Commission. Iwo amasunga maina a omwe anafera ku nkhondo ziwirizi ndi malo amene dzina lililonse linalembedwa. Agogo aamuna sitingawapeze kumeneko popeza anabwerako amoyo, koma mnzawoyo tikhoza, ndipo mwina kuli banja lina limene silinauzidwepo bwinobwino.

Amayi: Ine ndili ndi nkhawa imodzi. Azakhali akayamba kulankhula sasankha. Anena zoti bambo ankakuwa usiku, zoti mvula ya mabingu ikamagwa ankatseka zitseko nkukhala pansi kuseri kwa kabati, zoti zaka zoyamba ankamwa. Zimenezo mukufuna zikhale m'mafoni mwa aliyense? Bambo anali munthu wolemekezeka.

Tadala: Azakhali, ine sindikanadziwa zimenezi. Zandikhudza, koma ulemu wanga pa agogo sunachepe. Ndayamba kumvetsa chifukwa chake sankafuna tiziphulitsa makombola pa Khirisimasi.

Malume Yosefe: Esnart, ine ndinali wamkulu, ndinaziona kuposa iwe. Munthu amene ankakuwa usikuyo ndi yemweyo amene anapatsidwa nyenyezizo. Tikasunga nyenyezi nkubisa kukuwako, tasunga theka la bambo. Nthawi imeneyo panalibe wowafunsa kuti mutu uli bwanji, anangowatsitsa sitima nkuwauza kuti pitani kwanu. Ana adziwe.

Amayi: Achimwene, sindikukana kuti adziwe. Ndikukana kuti ziyende pa Facebook.

Chikondi: Ndiye tigwirizane chonchi. Tijambula zonse osadula. Zonsezo zisungidwe ndi malume, amayi ndi mayi aang'ono. Pagulu pano pabwere zokhazo zimene atatu inu mwamvetsera nkuvomereza, ndipo kunja kwa banja kusapite kanthu. Agogo a Elube nawonso tiwauze tisanayambe kuti tikujambula, ndipo akati zimitsa, tizimitsa.

Amayi: Zikatero ndavomera.

Loweruka m'mawa

Malume Yosefe: Zipolopolo apolisi atenga dzulo. Za kosunga zinthu, ndaganiza chonchi: zikhale pamodzi kwa Esnart popeza ndi nyumba imene bambo anakhala, koma m'chipinda chosadontha. Aliyense alandire zithunzi zake. Pa 11 Novembala ndidzavala ine, kudzanja lamanja la chifuwa monga amavalira achibale, chifukwa kumanzere ndi kwa mwini wake. Ndikavula zibwerera tsiku lomwelo.

Amayi aang'ono Rozi: Azakhali ndawauza. Asangalala moti ayamba kale kufotokoza, ndawaletsa kuti adikire foni. Akuti mubwere m'mawa, masana amatopa.

Tadala: Ndipita ine ndi Maya mawa. Asuweni, tiwafunse chiyani?

Chikondi: Musanene kuti tiuzeni za nkhondo, funso limenelo ndi lalikulu, adzangoti kunali kovuta. Muwapatse chinthu m'manja. Lamba, kenako chithunzi, muwasiye atchule okha anthuwo, inu osawalozera. Mufunse tinthu tating'ono: anamva bwanji kuti achimwene awo akupita, anachita kufuna kapena anatengedwa, makalata ankawerenga ndani, tsiku lobwera anavala chiyani, anabwera ndi chiyani m'manja, ndani anayamba kuwaona. Ngati ankaimba nyimbo za ku usilikali, agogo aimbe. Akakhala chete musathamangire funso lina. Akasokoneza chaka musawakonze, zaka tidzaziona m'kabuku.

Chikondi: Poyamba penipeni mmodzi wa inu atchule deti, dzina la agogo ndi maina anu. Wailesi izimitsidwe, foni ikhale pa tebulo pafupi nawo, muiike pa airplane mode kuti munthu asaimbe pakati. Mphindi 40 zakwana, mudzabwereranso tsiku lina. Maina a pa chithunzi musalembe ndi bolopeni kumbuyo kwake. Mulembe pa pepala lapadera, kuyambira kumanzere.

Limbani: Ine ndibweretsa foni yachiwiri ndi power bank, tijambule ndi mafoni awiri. Madzulo ndikopera zonse pa kompyuta ndi pa ma flash awiri, imodzi kwa malume, ina kwa amayi.

Amayi: Mutenge ndi magalasi awo a maso, ali m'kabati kwa Rozi. Popanda amenewo chithunzicho sachiona.

Mayamiko: Ndalemba. Tadala, undipeze 7 koloko. Malume, za denga ndi mankhwala tikamba nthawi yanji?

Malume Yosefe: 4 koloko masana, pagulu pompano. Aliyense akhalepo.