Katemera wa chimfine wa ana: tilipire kapena tisiye?

Make Tadala (Nchalo): Anzanga ndigawireniko nzeru. Mlamu wanga wa ku Blantyre anabayitsa ana ake katemera wa chimfine pachipatala cholipira, ndiye akundiumiriza kuti anganso ndikwere nawo Thabwa kukawabayitsa ku Blantyre kusanayambe kuzizira. Ndili ndi awiri, Tadala wa zaka 6 ndi mng'ono wake wa chaka ndi miyezi 4. Tadalayo ali ndi mphumu, chimfine chikangomugwira nyumba yonse sitigona. Kusikelo ndinafunsa, akuti ameneyu sali pa akatemera aulere a boma. Ndi za m'thumba basi. Ndipite?

Bambo a Yankho (Ngabu): Chimfine kuchigwa kuno? Mayi, dzuwa la kuno ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa galimoto. Zimenezo n'za anthu a ku Dedza. Ife mdani wathu ndi udzudzu. Gulani neti ina, chenji mugule mlamba ana adye.

Namwino Wopuma (Chikwawa boma): Achimwene, kachilombo sikaopa dzuwa. Chotisokoneza n'chakuti mawu amodzi omwewa timatchulira matenda awiri. Pali chimfine cha mamina ndi kuyetsemula, mwana akusewera bwinobwino, pakapita masiku angapo chatha. Ndiye pali chinacho, influenza: thupi limatentha mwadzidzidzi, mutu, kuphwanya m'thupi, mwana amangoti khwethe. Kuno ambiri tikaona choncho timati malungo, kukayeza magazi osapezeka kanthu, n'kumadabwa. Katemerayu ndi wa chachiwiricho. Kuopsa kwake ndi pamene chatsikira m'chifuwa n'kukhala chibayo, makamaka kwa ana osakwana zaka 2, a mphumu, ndi amene chitetezo chawo n'chochepa.

Make Tadala (Nchalo): Ndiye akabayitsa kamodzi zatha, amayi?

Namwino Wopuma (Chikwawa boma): Ayi mwanangu, ndipo apa ndi pamene muyenera kuwerenga ndalama bwino. Kachilomboka kamasinthasintha, motero katemera amapangidwa watsopano chaka ndi chaka, kubayitsanso ndi chaka chilichonse. Komanso mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 8 amene akulandira koyamba amafunika jakisoni awiri, motalikirana milungu 4. Kwa inu ndiye maulendo awiri a ku Blantyre chaka chino.

Bambo a Yankho (Ngabu): Mwamva? Ana awiri, jakisoni anayi, minibasi kupita ndi kubwera kawiri, kuwonjezapo tchipisi cha pa Dyeratu chifukwa mwana sangadutse pamenepo osalira. Chaka chamawa muyambirenso. Ine thonje langa silingakwanitse zimenezo.

Nachisale wa ku Bangula: Ine ndili mbali ya abambowa. Mchemwali wanga ku Limbe anamubayitsa wake, sabata yomweyo mwana mamina chuchuchu. Ndalama inapita, chimfine chinabwera. Ena amati katemerayo ndi amene anamudwalitsa.

Namwino Wopuma (Chikwawa boma): Wa jakisoni alibe kachilombo kamoyo, sangapatse mwana chimfine. Pamkono pamatha kupweteka, thupi kufunda pang'ono tsiku limodzi kapena awiri. Chitetezo chake chimakhwima pakatha milungu iwiri, ndiye wodwala sabata yomweyo anali atatenga kale, kapena chinali chimfine wamba chija chimene katemerayu sakhudza n'komwe. Koma sindikunamizani kuti ndi mpanda wopanda chibowo. Chaka chimene wagwirizana bwino ndi kachilombo kamene kakuyenda, amachepetsa kudwala ndi pafupifupi theka, chaka china kuchepera pamenepo. Chimene ine ndimamukondera n'chakuti mwana wobayidwa akadwalabe, kawirikawiri safika pogonekedwa.

Ankolo a ku Joni: Vuto palibe apa. Kuno amabaya m'mafamase momwe, anthu amayamba March kapena April kukonzekera chisanu. Ndikubwera mwezi wamawa pabasi, ndingotenga angapo m'chikwama, amayi anamwinowa adzabaye ana onse pagulu pano. Zotchipa.

Namwino Wopuma (Chikwawa boma): Ankolo, chonde musayerekeze. Katemera amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, asatenthe, asaumenso ngati ayezi. Masiku awiri m'basi, kuima pa Mwanza, kenako kutsikira m'ng'anjo yathu ino, mudzafika ndi madzi chabe. Ine sindingabaye mwana wa munthu chinthu chimene sindikudziwa kumene chagona. Ngakhale ku Blantyre komweko, Make Tadala, muone kuti akuchotsa m'firiji inu mukuona, ndipo mufunse ngati ndi wa chaka chino. Alipo wopangira mayiko a kumpoto, alipo wa mayiko a kumwera kuno.

Aphunzitsi a ku East Bank: Ine ndingoponyapo langa. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 tinagona anthu ambirimbiri m'kalasi imodzi, ana kutsokomola ngati kwaya. Pamenepo ndinaona kuti chifuwa si cha ku mapiri kokha. Koma zoona zake, makolo a ana amene ndimaphunzitsa ngakhale ya bwato imawasowa. Kuwauza za katemera wolipira n'kuwanyoza. Chimene ndimawakumbutsa ndi akatemera aulere aja: wa chibayo amene anayamba mu 2011, wa kutsekula m'mimba mu 2012, wa malungo amene maboma athu awiri, Chikwawa ndi Nsanje, anali m'gulu loyamba kulandira mu 2019, wa tayifodi mu 2023. Ambiri amalekeza panjira mwana akangoyamba kuyenda.

Namwino Wopuma (Chikwawa boma): Aphunzitsi mwandikumbutsa. Make Tadala, tatsegulani buku la kusikelo la wamng'onoyo. Wa chikuku wachiwiri, wa miyezi 15, anabaya? Wa malungo wachinayi akumudikira pa miyezi 22.

Make Tadala (Nchalo): Iii amayi, mwandigwira. Pa chikuku palibe chidindo. Mwezi umenewo ndinali kumaliro ku Nsanje, ndinangoiwaliratu. Ine busy kufunafuna wogula pamene waulere ndamusiya pakhomo.

Bambo a Yankho (Ngabu): Hahaha ndimanena ine!

Namwino Wopuma (Chikwawa boma): Simunanene zimenezo achimwene, inu mumanena za mlamba. Akanakhala mdzukulu wanga, Tadala wa mphumuyo ndikanamulipirira osaganiza kawiri, chifukwa usiku umodzi wobanika, kusaka galimoto ya hayala, umadya kuposa jakisoni awiriwo. Wamng'onoyo nayenso ali pamsinkhu woopsa, ndalama ikapezeka apite limodzi. Yankho wa zaka 10 wodya mlambayo, asapite, palibe amene angakudzudzuleni. Koma aliyense thupi likatentha, kukayezetsa malungo kaye tsiku lomwelo, ndipo mwana musamupatse asipirini, Panado yekha. Mukaona akupuma mothamanga kapena nthiti zikulowa m'kati, musadikire kuti kuche.

Make Tadala (Nchalo): Zikomo amayi. Sikelo yotsatira ndikhala woyamba pamzere ndi wamng'onoyu. Za Tadala ndikambirana ndi bambo ake malipiro akalowa. Alipo amene akukwera Blantyre kumapeto kwa mwezi tithandizane mafuta?

Nachisale wa ku Bangula: Ine ndikupita kukapikula zitenje, koma mwana wanga sabaya. Mundisungire mpando wa kuwindo, pa Thabwa ndimasanza.