Kodi ana tiwakonzekeretse bwanji chikondwerero cha Karneval ku Köln?

Make Chisomo:
Tasamukira ku Köln, mzinda wa ku Germany, chaka chatha, ndipo kusukulu ana auzidwa kuti adzabwere atavala zovala zoseketsa. Kodi mwambowu ndi wotani, ndipo ndi tsiku liti loyenera kupita nawo kumsewu?

Bambo Phiri:
Mayi, chikondwererochi chimachitika Lenti isanayambe, pamene anthu kale ankadya ndi kusangalala asanalowe m'masiku 40 osala kudya, ndipo chimatha pa Lachitatu la Phulusa. Chionetsero chachikulu ndi cha Lolemba lomaliza Lenti isanayambe, lotchedwa Rosenmontag, koma khamu limachuluka kwambiri moti mwana wamng'ono amangoona misana ya anthu. Ine ndingakulangizeni Lamulungu, chifukwa ndi pamene ana asukulu amaguba pamodzi ndi magulu a m'madera a mzindawo.

Nabanda:
Musaiwale kuwatengera thumba, popeza oguba amaponya maswiti kwa aliyense wofuula kuti "Kamelle!" Chovala musagule chodula, anga ndinawasokera cha mkango ndi nsalu yakale, chachikulu ndithu kuti juzi ilowe mkati, chifukwa kumeneko kumazizira mu February.

Make Chisomo:
Zikomo kwambiri nonse. Tidzapita Lamulungu tikachoka ku Misa.