Zida zoteteza moyo m'boti la alendo ku Elephant Marsh

Wa ku Bangula: Abale, ndagula boti la injini loti ndizinyamula alendo okaona mbalame ku Elephant Marsh, dambo lalikulu la mtsinje wa Shire. Ndi zida ziti zoteteza moyo zomwe siziyenera kusowa m'botimo?

Msodzi wa ku Chiromo: Achimwene, choyamba ndi laifijaketi (chovala choyandamitsa munthu m'madzi), munthu aliyense yakeyake, ndipo avale asanakwere. Ana muwapezere zazing'ono, chifukwa yaikulu imavuka mwana akagwera m'madzi. Nkhafi ziwiri zisasowenso. Namasupuni amakola pulopela, injini n'kuzima muli pakati pa mvuu.

Mayi wa ku Nsanje: Onjezani chingwe, chokapira madzi, tochi, wezulo ndi foni yokulunga m'pulasitiki. Koma chonde bambo, musamadzaze anthu mopyola muyezo. Shire watilanda abale ambiri.

Wa ku Chikwawa: Poti muzinyamula petulo, chozimitsira moto chikhalemo. Kalembetseninso botilo ku Marine Department, nthambi ya boma yoona za maulendo apamadzi, musanayambe.