Wotchi yanga ikusokoneza manambala a kagundidwe ka mtima, ndipo batire likutha ndisanafike ku Chambe

Mphunzitsi wa ku Chitakale analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndili ndi zaka 46, ndipo chaka chatha kuchipatala anandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, choncho anandiyambitsa mankhwala n'kundilangiza kuti ndizilimbitsa thupi. Kuyambira pamenepo ndimadzuka mbandakucha kukathamanga pang'onopang'ono m'tinjira ta m'minda ya tiyi, ndipo Loweruka lina ndimakwera phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula. M'mwezi wa Febuluwale ndinagula ku Limbe wotchi yoyeza kagundidwe ka mtima, yamtengo wapakatikati, kuti izindichenjeza ndikamapyola muyeso.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Ndikamathamanga pamalo athyathyathya, ndikupuma bwinobwino mpaka kumatha kupereka moni kwa amayi opita kukathyola tiyi, wotchi imaonetsa 168 kapena 172, ndipo nambalayo imakakamira pomwepo osatsika. Koma Loweruka lapitali, pokwera ku Chambe kukugwa chiperoni, ndili pachitunda chovuta moti mtima unkamveka kugunda m'makutu, wotchi yomweyo inaonetsa 61. Ndinakhala pamwala kwa kanthawi ndili ndi mantha, chifukwa sindinadziwe ngati chalakwika chili mu wotchi kapena m'chifuwa mwanga. Kuwonjezera apo, batire limene poyamba linkakhala masiku asanu linatheratu tisanafike pa nyumba yogonamo ya ku Chambe, chonsecho ndinanyamuka lili pa 90. Ndikhulupirire nambala iti, nanga batireli lafa kale kapena pali chimene ndikulakwitsa?

Wotsogolera alendo m'phiri, wa ku Likhubula, anayankha kuti:

Aphunzitsi, zimene mwafotokozazi ndimaziona kawirikawiri, ngakhale pa mawotchi okwera mtengo amene alendo amabwera nawo. Mukatembenuza wotchi yanu muona timagetsi tobiriwira tikuphethira. Kuwala kumeneko kumalowa m'khungu, magazi amamwako kwina, kotsalako kumabwerera ku wotchi, ndipo wotchi imawerengera mmene kuwala kobwererako kukusinthira mtima ukamapopa magazi. Ndiye kuti siimva mtima weniweniwo, imangouyerekeza kuchokera patali, ndipo chilichonse chosokoneza kuwalako chimasokonezanso nambala.

Za 168 ndi 172 zija, ndikupempheni muchite chinthu chimodzi. Mukamathamanga mawa, werengani kuti mapazi onse awiri akuponda pansi kangati pa masekondi 30, kenako muchulukitse kawiri. Anthu ambiri pothamanga amaponda pakati pa 160 ndi 180 pa mphindi. Lamba akakhala wosamangika bwino, wotchi imagwedezeka pa phazi lililonse, kuwala kwa kunja kumalowa ndi kutuluka motsatira kugwedezekako, ndipo wotchi imayamba kuwerenga mapazi n'kumaganiza kuti ikuwerenga mtima. Anyamata ena amene amakonzekera mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters Race anadandaulapo chimodzimodzi, ndipo atamanga lamba bwino vutolo linachepa kwambiri.

Nkhani ya ku Chambe ndi ya kuzizira. Chiperoni chikamagwa, thupi limachepetsa magazi opita kumanja ndi kuzala kuti lisunge kutentha mkati, n'chifukwa chake zala zimachita dzanzi. Magazi akachepa pakhungu la padzanja, wotchi imasowa chowerenga. Ndiponso pachitunda munthu amagwira ndodo kapena miyala mwamphamvu, dzanja limapindika, wotchi n'kunyamuka pang'ono pakhungu. Ivaleni pamwamba pa kafupa kotukuka ka padzanja, kusiya mpata wa zala ziwiri, muimange moti isaterereke koma isasiye chidindo chakuya, ndipo kukazizira muiphimbe ndi mkono wa juzi.

Namwino wa ku Thyolo anayankha kuti:

Bambo, zimene anena achimwene a ku Likhubula ndi zoona, koma ine ndikufuna ndiime pa mantha amene munali nawo pamwala paja, chifukwa kwa munthu womwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi nkhaniyi siyongokhudza wotchi yokha. Choyezera chodalirika muli nacho kale m'manja mwanu. Ikani chala cholozera ndi chapakati pamtsempha wa padzanja, mbali ya chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, ndipo mukamva ngati kugundako kukudumphadumpha muwerenge mphindi yathunthu. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake nthawi zambiri umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Pali kawerengedwe kongoyerekeza ka malire a pamwamba, kochotsa zaka zanu pa 220, kamene kwa inu kakupereka 174. Munthu amene mtima wake wafikadi pafupi ndi pamenepo sangathe kupereka moni momasuka, amalankhula modukizadukiza, choncho 172 uja ndikumukayikira monga mmene achimwenewo akumukayikira.

Koma 61 wa pachitunda sindikufuna kuti timutaye msanga. Pali mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga atenolol ndi propranolol, amene ntchito yake ndi kuchepetsa liwiro la mtima, moti womwa mankhwalawa angakwere phiri mtima wake osakwera kwambiri ngati wa anzake. Onani dzina la mankhwala anu m'buku lanu la kuchipatala, ndipo musasiye kapena kusintha kamwedwe chifukwa cha nambala ya pa wotchi. Mukadzamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kubanika kosagwirizana ndi ntchito imene mukugwira, kapena kufuna kukomoka, imani pomwepo n'kupita kuchipatala ngakhale wotchi itaonetsa nambala yabwino.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri amasakaniza kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mtima ukhoza kugunda 70 pa mphindi magazi ali okwera moopsa. Mawotchi ena otchipa amaonetsa manambala a BP, ndipo ndakumanapo ndi mayi wina amene analeka kubwera kudzayezetsa chifukwa wotchi yake tsiku lililonse inkamuuza kuti zonse zili bwino. BP yanu ipitirire kuyezedwa ndi makina a lamba wopopa wa pamkono. Za khungu, n'zoona kuti khungu lakuda limamwa kuwala kobiriwira kochulukirapo, ndipo ofufuza ena anapeza kuti zimenezi zimachepetsa kulondola kwa mawotchi ena pamene ena sanapeze kusiyana kwenikweni. Kwa ife ichi ndi chifukwa china choyerekezera wotchi ndi zala zathu nthawi ndi nthawi.

Wokonza mafoni wa ku Luchenza anayankha kuti:

Ine ndiyankha za batire, poti ndi zimene zimabwera pa benchi yanga. Aphunzitsi, masiku asanu amene munkawaona aja ndi a wotchi imene ikungoonetsa nthawi ndi kuwerenga mapazi. Mukatsegula GPS, wotchi imakhala ikusaka masetilaiti mosalekeza ndipo timagetsi toyeza mtima timayaka osapuma, choncho masiku amasanduka maola. Ngakhale Apple, pa mawotchi ake ambiri, inkalonjeza maola 18 okha pa kagwiritsidwe ntchito ka tsiku ndi tsiku. M'nkhalango ndi m'zigwa za m'phirimo, mmene mitengo ndi matanthwe zimatchinga thambo, GPS imavutika kwambiri kupeza malo, ndipo kuzizira nakonso kumafooketsa batire la lithium kwa kanthawi, moti wotchi ikhoza kuzima kenako n'kudzayakanso ikafunda. Sindikuganiza kuti batire la miyezi isanu lafa, pokhapokha ngati wotchiyo inakhalitsa m'sitolo batire litatheratu.

Chimene chimapha mabatirewa kwenikweni ndi kutentha. Ambiri kuno timatchaja pa sola magetsi akazima, n'kusiya wotchi pawindo kapena pafupi ndi panelo dzuwa likuswa mtengo, ndipo batire lotchajidwa likutentha limakalamba msanga, lina mpaka kufufuma n'kukankha galasi. Tchajani pamthunzi, musamadikire kuti lifike pa ziro, ndipo tizitsulo ta kumbuyo togundana ndi tchaja muzitipukuta, chifukwa mchere wa thukuta umatidya n'kuchititsa kuti wotchi isamatchajike bwino. Zimitsani sikirini yoyaka nthawi zonse, kuyeza mpweya wa m'magazi usiku wonse, ndi mauthenga a WhatsApp obwera pa wotchi, ndipo pokwera phiri lolani kuti GPS ya foni ndiyo izilemba njira ngati wotchi yanu imalola.

Pa kagundidwe ka mtima ndisiyana pang'ono ndi achimwene a ku Likhubula, chifukwa pali mawotchi ena amene kumanga lamba sikungawathandize. Ndatsegulapo ena amene kumbuyo kwake kuli kagetsi kobiriwira kokha, kopanda kachipangizo kolandira kuwala, ndipo manambala ake ndi ongopeka. Khalani pansi mphindi zisanu, yerekezani wotchi ndi zala, kenako kwerani masitepe mofulumira, muime n'kuyerekezanso. Yeniyeni imakwera n'kutsika motsatira zala, ngakhale mochedwerapo. Ngati mukufuna nambala yodalirika pothamanga, lamba wa pachifuwa ndiye yankho, chifukwa iye amamva mphamvu ya magetsi imene mtima umatulutsa, ndipo ambiri amagwiritsa kabatire kathyathyathya kamene kamakhala miyezi.

Mphunzitsi wa ku Chitakale analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu. M'mawa uno ndinathamanga lamba ali monga mwa kale, wotchi inaonetsa 170, ndipo mapazi ndinawerenga 84 pa masekondi 30, kutanthauza 168. Nditangoima ndinagwira mtsempha n'kupeza 33 pa masekondi 15, amene ndi 132. Kenako ndinakweza wotchi zala ziwiri n'kumanga lamba bowo limodzi mkati, ndipo pobwerera inkasewera pakati pa 130 ndi 138. Pa masitepe a kusukulu inakwera ndi kutsika pamodzi ndi zala, choncho achimwene a ku Luchenza, zikuoneka kuti siili m'gulu la zongopeka zija. Ndikuvomerezanso kuti ndakhala ndikuitchaja pawindo masana, ndipo lero ndaisamutsira m'kati mwa nyumba.

Mayi namwino, m'buku mwanga mwalembedwa amlodipine, osati mankhwala awiri amene mwatchula aja. Komabe 61 uja ndikamutchula Lachinayi pokatenga mankhwala, ndipo ndikapempha kuti andiyeze ndi makina awo wotchi ili padzanja. Ku Chambe ndibwererako Loweruka la mawa lino nditavala juzi ya manja aatali, GPS ya wotchi itazimitsidwa, ndipo pachitunda chomwe chija ndikaima n'kuwerenga ndi zala.