AppLocker: vuto la pulogalamu yosasainidwa yomwe imakhala mu AppData

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pali makompyuta 25 a Windows 10 Enterprise pa domain imodzi (netiweki yoyendetsedwa kuchokera pamalo amodzi), ndipo ogwiritsa ntchito onse si ma administrator. Cholinga n'chakuti munthu asatsegule pulogalamu imene wakopera pa flashi kapena pa intaneti.

Mu Group Policy (momwe timaikiramo malamulo a makompyuta onsewo) tinaika malamulo oyambirira a AppLocker, chida cha Windows chololeza kapena kuletsa mapulogalamu kutseguka. Ndi malamulo aja olola zonse za mu mafoda a Program Files ndi Windows. Service ya Application Identity ikuyenda, popeza popanda iyo malamulowo sagwira ntchito n'komwe. Panopa tili pa Audit only (kungolemba zomwe zikanatsekedwa, osatseka), ndipo mu Event Viewer, momwe Windows imalembamo zochitika, mukutuluka uthenga nambala 8003 pa pulogalamu imodzi yowerengera ndalama, kutanthauza kuti tikangoika Enforce, malamulowo n'kuyamba kutsekadi, idzatsekedwa.

Vuto lake nali. Pulogalamuyi imadziika mu foda ya AppData ya munthu aliyense, komanso ilibe siginecha ya amene anaipanga, choncho lamulo la Publisher, lodalira siginechayo, silitheka. La File hash, lozindikira fayilo ndi nambala yochokera ku zomwe zili mkati mwake, limagwira, koma pulogalamuyo ikangodzisintha yokha hash ija yasinthanso, anthu n'kutsekeredwa kunja. La Path, lololeza potengera foda imene pulogalamu ili, ndiye sindikulifuna, chifukwa mu foda imeneyo aliyense amatha kulembamo. Wochenjera angoponyamo exe (fayilo ya pulogalamu) yake, basi yatseguka.

Kodi inu mumatani pamenepa? Kuisaina tokha ndi satifiketi yathu n'kwanzeru, kapena tiisamutsire ku Program Files n'kuletsa kudzisintha kuja?

Chinanso, C:\Windows\Temp nayo imalola anthu wamba kulembamo. Mumaichotsa ndi Exceptions pa lamulo la Windows lija, kapena mumasintha zilolezo za NTFS, zija zonena amene angalembe mu foda?